Wogula Amene Sanakuoneni Nkhope: Phunziro kwa Ochita Geni pa Foni

Aliyense wa ife akatsegula WhatsApp madzulo amapeza msika wathunthu pa status. Wina akutsatsa nsapato za kaunjika, wina chiponde cha m'mabotolo, wina zitenje, wina mpunga wa Kilombero umene achibale amamutumizira kuchokera ku Karonga. Ambiri mwa ogulitsawa ndi ophunzira anzathu, ndipo geni imeneyi si yongotayitsa nthawi. Ndi imene imagula sopo ndi kulipira fotokope, ndipo kwa ena ndi imene imatseka kampata kamene katsala pa fizi. Mpamba wake nthawi zambiri ndi ndalama ya m'thumba imene makolo anapereka kuti ifike kumapeto kwa semesita. Ikalowa m'katundu wosayenda malonda, munthu amatsekera sukulu ali ndi nsapato khumi pansi pa bedi, koma ya basi yobwerera kwawo alibe.

Funso limene tikufuna tilingalire limodzi m'phunziro lino ndi ili: n'chifukwa chiyani anthu 150 amatha kuona chithunzi cha katundu wathu, atatu n'kufunsa mtengo, koma osapezeka ndi mmodzi yemwe wotumiza ndalama? Yankho limene timathamangira ndi lakuti oona achepa, tikufunika 500 kapena 1,000. Ndiye timayamba kupempha manambala kwa aliyense, kuponya zithunzi makumi atatu patsiku, ndi kulowetsa anthu m'magulu amene sanawapemphe. Ife tikuona kuti vuto lalikulu silili pa kuchepa kwa maso. Lili pa munthu mmodzi uja amene nsapato waikonda, ndalama ali nayo, koma chala chikukana kudina chifukwa sakukudziwani.

Chimene msika wa Tsoka uli nacho

Tiyambe ndi chimene tonse tikuchidziwa, monga amatiuzira ife a zauphunzitsi kuti phunziro liziyambira pa chodziwika. Munthu akapita kukagula jekete ku msika wa Tsoka ku Lilongwe kapena mu Limbe, amaligwira, amaliunika pa dzuwa, amasuzumira m'khwapa ngati munasokedwanso, amaliyesa, kenaka amanenerera mtengo. Ndalama imachoka m'dzanja lake pa nthawi yomweyo imene jekete likulowa m'jumbo. Akazindikira kunyumba kuti zipi ndi yakufa, amadziwa benchi limene abwerere mawa.

Pa foni zonsezi palibe. Wogula waona chithunzi chokha, ndipo akupemphedwa kuti atumize K25,000 kwa munthu amene sanamuonepo, kenaka adikire masiku awiri. Mantha ake si opusa. Ndani mwa ife amene sanamvepo za wina amene anatumiza ndalama ya foni kapena ya diresi, mawa lake nambala ija n'kusiya kupezeka?

Vuto limeneli si la ku Malawi kokha, ndipo si latsopano. Katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, analemba za ilo mu 1970, ndipo chitsanzo chake chinali cha magalimoto amene anayendapo kale. Mfundo yake inali yakuti ngati wogulitsa akumudziwa bwino katundu wake koma wogula alibe njira yosiyanitsira wabwino ndi woipa, wogulayo amakayikira onse ndipo amangolola kupereka mtengo wotsika. Zikatero amene amaluza ndi mwini katundu wabwino, ena mpaka kuchokeratu pa msika. Akerlof analandira mphoto ya Nobel mu 2001 pamodzi ndi anzake awiri chifukwa cha ntchito ya mtundu umenewu. Kwa ife tanthauzo lake n'lachidule: kathyali mmodzi wa pa Facebook amalipiritsa ogulitsa oona mtima onse, ngakhale amene sanabepo ndi tambala yomwe.

Makampani amene anakula pa malonda a pa intaneti anayamba ndi kulimbana ndi mantha omwewa. Ku America, eBay inayamba mu 1995, ndipo chaka chotsatira mwini wake, Pierre Omidyar, anaika malo oti ogula ndi ogulitsa azilembapo mmene mnzawo wachitira, kuti wina wobwera pambuyo aziwerenga asanatumize ndalama. Ku China, msika wa Taobao utatsegulidwa mu 2003, anakonza njira ya Alipay yosunga ndalama ya wogula pakati, osaipereka kwa wogulitsa kufikira wogulayo atavomera kuti katundu wafika. Jumia, imene inayamba ku Lagos mu 2012, inalola anthu kulipira katundu akafika pakhomo.

WhatsApp ilibe mkhalapakati woteroyo. Ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba ikapita, kuibweza ndi ulendo wautali, ndipo wogula akudziwa zimenezi. Choncho ntchito imene eBay ndi Alipay anaipereka kwa makompyuta, ife tiyenera kuigwira ndi manja athu, pa chithunzi chilichonse ndi pa yankho lililonse. Kutsatsa kwa wochita geni yaing'ono n'kumeneku.

Chithunzi, mtengo ndi dzina

Chithunzi chokongola kwambiri ndi chimene chimakayikitsa kwambiri. Tonse tikuzidziwa zithunzi zija zotengedwa pa intaneti, diresi litavalidwa ndi munthu wa ku dziko lina, kumbuyo kuli khoma loyera mbee. Wogula wochenjera akaona chotere amakumbukira chikomekome cha mkuyu. Chimene akufuna kuona ndi katundu weniweniyo amene ali m'manja mwanu. Mujambuleni nokha, masana, pakhonde kapena pafupi ndi windo, pa nsalu yopanda maluwa. Ngati ndi nsapato, onetsani pansi pake ndi m'kati mmene mwalembedwa saizi. Kavidiyo kakafupi kooneka dzanja lanu likutembenuza nsapatoyo kamalankhula kuposa zithunzi zisanu, chifukwa n'kovuta kukaba kwa wina.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri timachiopa koma ndi champhamvu: kuonetsa chilema cha katundu. Jekete la kaunjika lili ndi kadontho pamkono. Lijambuleni kadonthoko, mulembe kuti kalipo, ndipo n'chifukwa chake mtengo watsika ndi K2,000. Ena athawa, n'zoona. Koma amene atsale aphunzira chinthu chimene simukanatha kuwauza ndi pakamwa, chakuti mukanena kuti jekete linalo lilibe vuto ndiye kuti lilibedi. Kubisa kadontho kumagulitsa jekete limodzi, ndipo wogulayo akakapeza kunyumba amauza chipinda chonse.

Za saizi nazonso zimagwetsa malonda ambiri. Kaunjika amachokera ku maiko osiyanasiyana, ndipo nsapato imene ku Britain amailemba 6, ku maiko ena a ku Ulaya amailemba 39. Musadalire nambala yokha. Khalani ndi tepi ya telala, muyese utali wa m'kati mwa nsapato kapena chiuno cha siketi m'masentimita, ndipo wogula wakutali mumupemphe aponde papepala, alembe mzere ku chidendene ndi ku chala chachikulu, ayese. Ntchito ya mphindi ziwiri imeneyi imapulumutsa ndalama ya thiransipoti yobwezera katundu, imene nthawi zambiri imakanganitsa anthu kuposa katunduyo.

Tsopano mtengo. Chizolowezi chija cholemba kuti mtengo mufunse ku inbox chili ndi zifukwa zake. Ena amaopa kuti opikisana nawo aona n'kutsitsa wawo. Ena amaopa kusinthasintha kwa mitengo, ndipo sitingawanene: pamene Reserve Bank inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umene munthu anaodera katundu sabata yatha sunalinso mtengo wa sabata yotsatira. Koma wogula samva zifukwa zimenezi. Iye amamva chifukwa chachitatu, chakuti mukufuna muyambe mwaona nkhope yake pa chithunzi kuti mudziwe ngati ndi wodyeka. Palinso manyazi. Munthu amene ali ndi K15,000 safuna kufunsa n'kuuzidwa K30,000, kenaka n'kusowa potulukira, amangodutsa. Lembani mtengo pa chithunzi pomwepo. Ngati mukuopa kusintha, lembaninso tsiku, kuti mtengo uwu ndi wa sabata ino. Nenaninso ngati thiransipoti ndi ndalama yotapira zili momwemo, chifukwa palibe chimene chimanyansa ngati kugwirizana K18,000 kenaka n'kumva kuti muikepo yotapira.

Nkhani ya dzina imaoneka yaing'ono koma imakhudza ophunzira ambiri. Pamene MACRA inalamula kuti manambala onse a foni alembetsedwe mu 2018, ambiri a ife tinali tisanafike msinkhu wokhala ndi chiphaso cha unzika, ndiye manambala athu analembetsedwa m'dzina la amayi, amalume kapena achimwene. Taganizirani wogula amene wakhala akulankhula ndi mtsikana wogulitsa zitenje, ndipo pa uthenga wotumizira ndalama pakutuluka dzina la bambo. Ameneyo aganiza chiyani? Ngati n'kotheka, nambala ya geni ikhale m'dzina lanu. Ngati sizinatheke, muuzeni wogula asanatumize kuti patuluka dzina lakutilakuti, ndi la mayi anga.

Status imaonedwa ndi ndani?

Tiyenera kumvetsa mmene chida chathu chimagwirira ntchito. Status imakhala maola 24, ndipo amene amaiona ndi okhawo amene inu mwasunga nambala yawo, iwonso asunga yanu. Mndandanda wotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri, umene pa WhatsApp umatchedwa broadcast, nawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu. Ndiye kutolera manambala 600 m'magulu a anthu ena n'kuwasunga m'foni sikukuonjezerani wogula ndi mmodzi yemwe. Chofunika ndi chakuti munthu asankhe yekha kukusungani.

Kukakamiza anthu kumva malonda n'kwakale kuposa intaneti imene tikuidziwayi. Mu May 1978, Gary Thuerk, wotsatsa malonda wa kampani ya Digital Equipment Corporation, anatumiza uthenga umodzi wotsatsa makompyuta kwa anthu pafupifupi 400 pa netiweki ya ARPANET, osawapempha. Madandaulo anabwera nthawi yomweyo, ndipo uthengawo umakumbukiridwa lero ngati woyamba mwa mauthenga osafunika aja amene amadzaza ma email. Mu 1999, Seth Godin anatulutsa buku lotchedwa Permission Marketing, limene mfundo yake yaikulu ndi yakuti uthenga wamalonda umagwira ntchito ukapita kwa munthu amene analola kuulandira. Ife sitifunika buku kuti timvetse zimenezi. Tikudziwa mmene timamvera tikadzuka n'kupeza kuti talowetsedwa m'gulu la zonunkhiritsa limene mwini wake sitikumudziwa, nambala yathu ili poyera kwa anthu 300. Timatuluka, ndipo dzina la wogulitsayo timalikumbukira moipa. Dziwaninso kuti dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, ndipo nambala ya foni ya munthu si chinthu chongogawana ngati chimanga chokazinga.

Njira yake ndi yapang'onopang'ono. Aliyense amene wagula, kapena wangofunsa, mumupemphe mwaulemu kuti asunge nambala yanu kuti aziona katundu watsopano. Lembani nambalayo pa botolo la chiponde ndi pa jumbo. Akakusungani, musamulange ndi zithunzi makumi atatu. Zithunzi zimadya bandulo yake, ndipo WhatsApp inamupatsa njira yobisira status yanu inu osadziwa. Zitatu kapena zisanu zosankhidwa bwino, madzulo pamene anthu apuma, n'zokwanira. Ndipo ngati ogula anu ndi apantchito, katundu wabwino musungire kumapeto kwa mwezi.

Si status iliyonse imene iyenera kunena kuti gulani. Wogulitsa chiponde angathe kufotokoza tsiku lina kuti mafuta amene amayandama pamwamba pa botolo si chizindikiro chakuti chaonongeka, ndi mmene chiponde chopanda mankhwala chimachitira, chimangofunika kutakasa. Angaonetse mtedza akuusankha, akuukazinga, mabotolo akuwatsuka. Munthu amene waona manja ndi malo amene chakudya chake chadutsa sachitanso mantha ngati amene wangoona botolo. Apa ndi pamene ife ophunzira zauphunzitsi tili ndi mwayi, chifukwa kufotokoza chinthu momveka ndi ntchito imene tikuphunzira tsiku ndi tsiku.

Umboni wa ogula ena ndi umene umalowa m'malo mwa zimene Omidyar anaika pa eBay. Mungaonetse uthenga wa munthu amene wathokoza, koma muyambe mwamupempha, ndipo mubise nambala yake. Komabe anthu akudziwa kuti mauthenga otere n'ngosavuta kupeka ndi mafoni awiri. Umboni wolemera ndi wakuti wogulayo aike yekha pa status yake atavala siketi ija n'kutchula dzina lanu, chifukwa amene auone ndi anzake amene amamukhulupirira kale. Pempho limenelo silichititsa manyazi ngati katundu anali wabwino. Chimene chimasokoneza umboni ndi kusakhazikika: lero nsapato, mawa usipa, mkuja mafoni. Mapanga awiri avumbwitsa. Anthu amakumbukira munthu wa chiponde kapena mtsikana wa nsapato. Wogulitsa chilichonse satchulidwa pamene wina wafunsa kuti kodi zakutizakuti ndingazipeze kuti.

Malangizo a ku America

Amene amafufuza malangizo a malonda pa YouTube amamva zofanana: tsegulani webusaiti, tolerani ma email, limbanani kuti muzioneka pamwamba pa Google, lipirani zotsatsa. Malangizowa si abodza. Koma anapangidwira malo amene wogula ali ndi khadi la ku banki, nyumba yake ili ndi nambala imene wonyamula katundu angaipeze, ndipo akapanda kukhutira amabweza katundu n'kulandira ndalama yake. Kuno kwathu ogula ambiri amagula mabandulo otsika mtengo a WhatsApp kapena Facebook okha, amene Airtel ndi TNM amagulitsa. Mukawatumizira linki ya webusaiti, mwina sitseguka n'komwe. Wophunzira amene mpamba wake ndi K150,000 akalipira webusaiti, wamanga sitolo kumene makasitomala ake sadutsa.

Chimene chili pafupi ndi ife ndi WhatsApp Business, imene inatuluka mu January 2018 ndipo ndi yaulere. Ili ndi malo olembapo chimene mumagulitsa ndi maola amene mumagwira ntchito, malo oikapo katundu yense ndi mitengo yake kuti asamafufutike pakatha maola 24, ndiponso zizindikiro zosiyanitsira amene walipira ndi amene akudikira katundu. Ilinso ndi uthenga wodziyankha wokha mukakhala kuti simuli pa foni. Umenewu ndi wothandiza pa nthawi ya makalasi ndi mayeso, komanso kwa ife amene timatseka geni dzuwa likalowa Lachisanu. Wogula amene walemba Loweruka m'mawa n'kungoona zii tsiku lonse amayamba kuganiza zoipa, makamaka ngati analipira Lachinayi. Uthenga wachidule womuuza kuti mwatseka ndipo muyankha Loweruka madzulo umamukhazika mtima pansi.

Tsamba la Facebook ndi lothandiza kuti anthu achilendo akupezeni, koma musamayese kuti onse amene amalitsata amaona zimene mwaika. Mu January 2018, Mark Zuckerberg analengeza kuti Facebook iziika patsogolo zolemba za abale ndi abwenzi kuposa za masamba a mabizinesi. Kuti mufike kwa ambiri amafuna mulipire, ndipo kulipirako kumafuna khadi lotha kugula kunja, chinthu chimene sichophweka masiku ano a kusowa kwa ndalama zakunja. Ngati mwaganiza zoyesa, yesani ndi ndalama yochepa, musankhe tauni imodzi imene mungathe kufikitsako katundu, ndipo muwerenge amene alemba uthenga n'kugula, osati ma like. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Za kugula otsatira abodza sitichedwapo: sagula, ndipo tsamba la otsatira 10,000 limene chithunzi chake chakondedwa ndi anthu anayi limadziulula lokha.

Komabe pa malangizo a ku America aja pali mfundo imodzi yoti titole. Amalimbikira za ma email chifukwa mndandanda umenewo ndi wa mwini bizinesi, pamene otsatira a pa Facebook ndi a Facebook. Pa 4 October 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima pa dziko lonse kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo amene malonda awo onse anali mmenemo anangokhala manja lende. Kwa ife ngozi yapafupi ndi yaing'ono kuposa imeneyo: foni kubedwa m'minibasi, kapena wina kukunyengererani kuti mumutumizire manambala asanu ndi limodzi aja amene WhatsApp imatumiza pa SMS, n'kulanda akaunti yanu, n'kuyamba kupempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu. Manambala amenewo sapatsidwa munthu aliyense, ndipo ikani PIN yachiwiri imene WhatsApp imalola. Kenaka gulani kope la K1,000, mulembemo dzina la wogula aliyense, nambala yake, kumene amakhala, saizi yake ndi chimene anagula. Nsapato ya saizi 38 ikapezeka, simuponya pa status n'kumadikira. Mumatsegula kope n'kulembera anthu atatu amene mukudziwa kuti imawakwana.

Ndalama italowa

Ambiri timaona ngati kutsatsa kwatha ndalama ikalowa. Kwa wogula, mantha amakula pa nthawi imeneyo. Maola amene ali pakati pa kulipira ndi kulandira ndi amene amagamula ngati adzagulenso. Mujambulireni phukusi lake litalembedwa dzina. Ngati mwatumiza pa kampani yonyamula katundu, mutumizireni chithunzi cha lisiti. Ngati ndi pa minibasi, mupatseni nambala ya galimoto, ya dalaivala kapena kondakitala, ndi nthawi imene yanyamuka. Zikachedwa, lankhulani inu iye asanafunse. Mawu akuti basi yafera pa Balaka, katundu afika mawa, ndi opepuka akachokera kwa inu masana kusiyana ndi akachita kukufinyani usiku.

Kwa wogula woyamba, gawanani ngoziyo. Ngati ali pafupi, kumanani pamalo poyera, aone katundu, alipire. Ngati ali kutali, mungagwirizane kuti atumize theka, theka linalo katundu akafika. Inde, apa inunso mukuika khosi pampeni pang'ono, ndiye onani kukula kwa katundu. Koma kufuna kuti mlendo asenze ngozi yonse yekha ndi chifukwa chimodzi chimene atatu ofunsa aja amathawira. Lembaninso poyera chimene mumachita katundu akapanda kukwana: mumasintha pasanathe masiku angati, ndipo thiransipoti amalipira ndani. Dandaulo likabwera, yankhani modekha ndipo musafufute mauthenga. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula okhudza kutsatsa konama, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limazindikira mauthenga a pa makina ngati chinthu chimene chingagwire ntchito pa mlandu. Zimene mwalonjeza pa WhatsApp ndi lonjezo ndithu.

Nanunso dzitetezeni, chifukwa akathyali ali mbali zonse ziwiri. Chithunzi cha uthenga wosonyeza kuti ndalama yatumizidwa si ndalama, ngakhale SMS yooneka ngati yochokera ku kampani ya foni ikhoza kukhala yolembedwa ndi munthu. Musanapereke katundu, lowani nokha mu akaunti yanu muone ngati ndalama yakweradi. Chimodzimodzi amene akuimba akulira kuti watumiza molakwika, mumubwezere: onani kaye.

Masamu a nsapato khumi

Tiyerekeze kuti mwaoda nsapato khumi pa K12,000 iliyonse, zonse K120,000. Ulendo wokaoda wadya K10,000, sopo, polishi ndi majumbo K5,000, bandulo ya mwezi K8,000, zotapira K3,000. Zonse pamodzi mwalowetsa K146,000. Mukugulitsa pa K18,000. M'mutu mumawerenga kuti phindu ndi K6,000 pa nsapato, ndiye K60,000. Koma zikagulidwa zonse khumi mupeza K180,000, ndipo phindu lenileni ndi K34,000. Zikatsala ziwiri, mwapeza K144,000, ndiye kuti mwaluza K2,000 mutagwira ntchito mwezi wonse. Phindu lonse lili pa nsapato yachisanu ndi chinayi ndi yakhumi. Mnzanu wa m'chipinda mmodzi akatenga imodzi pa ngongole ya ndikupatsa mawa, wanyamula kuposa theka la phindu lanu; ndipo tonse tikudziwa kutalika kwa mawa wa pa hositelo.

Masamu amenewa akusonyeza chifukwa chimene munthu mmodzi amene anafunsa mtengo n'kuzimiririka ali wofunika kumufufuza kuposa anthu 100 atsopano oona status. M'kope lija, tsegulani tsamba lina la amene anafunsa koma sanagule. Lembani kumene anamva za inu, funso limene anafunsa, ndi pamene kukambirana kunathera: pa mtengo, pa saizi, pa thiransipoti, kapena pamene munatchula zoyamba kulipira. Pakatha mwezi mudzaona kuti ambiri amathera pamalo amodzi. Mphunzitsi akaona kuti theka la kalasi lalakwa funso limodzi lomwelo, sakalipira ana, amabwerera kukaona mmene anaphunzitsira mutuwo. Funso limene anthu atatu afunsa liyenera kuyankhidwa pa chithunzi chenichenicho, wachinayi asanafunse.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Tengani chithunzi chomaliza chimene munatsatsa, mupatse foni mnzanu amene sadziwa za geni yanu, makamaka wa kalasi ina, ndipo inu mukhale chete. Mufunseni akuuzeni kuchokera pa chithunzi chokhacho: katunduyu ndi wa ndalama zingati, ndi wa saizi yanji, alipira bwanji ndipo patuluka dzina la ndani, afika liti ku Mzuzu, ndipo akapanda kukwana chichitike n'chiyani. Lembani mafunso amene walephera kuyankha, mukonze chithunzicho, ndipo mawa mupatse munthu wina.